"Netiweki Yathawa": Mawu Oyenera Kutsagana ndi Umboni

Nkhani iyi inakambidwa pa msonkhano wa makomiti a chitukuko a m'mawodi. Yasindikizidwa pano monga inayankhulidwira, kuti amene sanathe kufika adziwerengere okha.



Pali mawu awiri amene masiku ano akumveka pa zenera la maofesi ambiri: "Netiweki yathawa." Amamveka kumene anthu amalembetsa chiphaso cha unzika, kumene amagula feteleza wotsika mtengo, kumene amalandirira ndalama za Mtukula Pakhomo, ngakhalenso kumene amalipirira msonkho ndi ziphaso za malonda. Mayi amene anadzuka tambala woyamba, nasiya khasu, nalipira kabaza ndi ndalama ya ndiwo, amamva mawuwo ndi kubwerera kwawo chimanjamanja. Safunsa kuti yathawa nthawi yanji, yathawira pati, kapena ibwera liti. Amawalandira monga mlimi amalandirira ng'amba, chinthu chimene palibe wochiletsa ndipo palibe womufunsa. Koma netiweki si mtambo. Ndi zingwe, nsanja, magetsi ndi makina, zimene anaika ndi anthu ndipo zimalipiridwa ndi ndalama za anthu. Kupezeka kwake ndi liwiro lake zimayezeka, zimalembeka, ndipo anthu a m'wodi ali ndi chifukwa chofunira kuona zolembedwazo.

Kompyuta imene kalaliki amakhala nayo patebulo sisunga yokha maina ndi ndalama za anthu. Zambiri zimasungidwa mu kompyuta ina yaikulu, yosazimitsidwa usana ndi usiku, imene imatchedwa seva. Seva ili ngati nkhokwe, ndipo kompyuta ya kalaliki ili ngati mwana wotumidwa ndi lichero. Kalaliki akalemba nambala ya chiphaso, funso limanyamuka kupita ku nkhokweko, yankho nkubwerera. Nkhokwe imeneyi kawirikawiri sikhala pa boma pano. Ikhoza kukhala ku likulu la unduna ku Lilongwe, kapena ku malo osungira maseva a boma amene anatsegulidwa ku Blantyre mu 2022, kapenanso kunja kwa dziko, ku Johannesburg ngakhale ku Ulaya. Funsolo limadutsa pa kabokosi kogawa intaneti mu ofesi, n'kufika pa nsanja kapena pa chingwe cha faiba, n'kulowa m'makina a kampani yogulitsa intaneti, mpaka kukafika pa seva. Paliponse m'njira imeneyi pakhoza kuduka.

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho uthenga wopita kutali umayamba wayenda pa zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nalo, monga Tanzania, Mozambique ndi Zambia, usanalowe m'zingwe zogona pansi pa nyanja. Ziwiri mwa zingwe zimenezi ndi SEACOM, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy, cha mu 2010. Pa 12 May 2024 zonse ziwiri zinaonongeka, ndipo intaneti inafooka kwa masiku angapo ku Tanzania, Mozambique, Kenya, Malawi ndi maiko ena a m'chigawochi. Kalaliki wa pa boma amene anakalipiridwa sabata imeneyo analibe kulakwa kulikonse, pakuti vuto linali pansi pa nyanja imene mwina sanaionepo. Chimodzimodzinso mu January 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130 anasowa m'dziko. Kuzima kwa magetsi kukatalika, mabatire a pa nsanja amatha, ndipo nsanjayo imakhala chete ngakhale seva ili bwinobwino.

Koma si kuthawa konse kwa netiweki kumene kumachokera kutali chotero. Nthawi zina ndi chingwe chimene okumba ngalande anachidula ndi piki. Nthawi zina ndi mbala zimene zinaba mabatire. Nthawi zina bilu sinalipiridwe, kapena mafuta a jenereta anatha, kapena wina anazula pulagi ya kabokosi ka intaneti kuti atchaje foni. Ndipo kunena mosapsatira, nthawi zina netiweki imakhala ilipo, koma mawu awiriwo asanduka chophimba cha wofika mochedwa pantchito, kapena cha wofuna kuti munthu aganize zopereka "ya fanta" kuti netiwekiyo ibwerere mwadzidzidzi. Popanda zolemba, zifukwa zonsezi zimavala nkhope imodzi. Wantchito wokhulupirika amasenza mlandu wa chingwe cha m'nyanja, ndipo wachinyengo amabisala kumbuyo kwa chingwe chomwecho.

Njira yoyezera ndi yakale ndipo si yovuta kuimvetsa. Mu 1983 katswiri wina wa ku America, Mike Muuss, analemba kapulogalamu kakang'ono kotchedwa ping, dzina limene analitenga ku kaphokoso ka chida chofufuzira zinthu pansi pa madzi. Ntchito ya ping ndi yofanana ndi ya mlendo wofika pakhomo. Amaima pabwalo nati "Odi!", kenaka amatchera khutu. Kompyuta imatumiza kauthenga kochepetsetsa ku seva, ndipo seva ikakhala yamoyo imayankha. Pa odi mmodziyo pamadziwika zinthu ziwiri: ngati mwini nyumba alipo, ndiponso nthawi imene yapita asanayankhe. Pakaodiridwa ka 100 motsatizana pamadziwikanso chachitatu, ndicho kuchuluka kwa maodi amene anatayikira m'njira. Mzere umene mauthenga 10 pa 100 alionse amatayika umaoneka ngati ukugwira ntchito, koma fomu yolembedwa theka imafera panjira, kalaliki n'kuyambiranso.

Pali chida china, traceroute, chimene Van Jacobson anapanga mu 1987. Ichi chimaodira pa makomo a m'njira limodzi ndi limodzi, kuyambira pa kabokosi ka mu ofesi mpaka pa seva, ndi kuonetsa khomo limene yankho layamba kuchedwa kapena kusowa. Ndi chimene chimathandiza kuyankha funso lija lakuti yathawira pati.

Munthu sangakhale pa kompyuta tsiku lonse akuodira. N'chifukwa chake pali mapulogalamu monga Nagios, Zabbix, SmokePing ndi Uptime Kuma, amene amaodira okha mphindi iliyonse, usana ndi usiku, ndi kusunga mayankho onse. Onse anayiwa amapezeka mwaulere, ndipo safuna kompyuta yamphamvu kuti ayang'anire maofesi a boma limodzi. Zimene asonkhanitsa amazijambula ngati mzere wokwera ndi kutsika. Mayi aliyense amene amapita ndi mwana kusikelo akuudziwa kale mzere wotere. Kulemera kwa mwana kwa tsiku limodzi sikunena zambiri, koma timadontho ta miyezi isanu ndi umodzi m'buku la kuchipatala timaonetsa ngati mwanayo akukula kapena akunyentchera, ndipo alangizi a zaumoyo amaona vuto lisanafike pogonetsa mwana m'chipatala. Netiweki nayonso kawirikawiri imadwala isanafe. Mzere ukaonetsa kuti mayankho amachedwa tsiku lililonse kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndiye kuti msewu wa uthenga wachepa poyerekeza ndi ogwiritsa ntchito. Ukaonetsa kuti ofesi ina imasowa mvula ikangogwa, amisiri amadziwa kuti ayambe kuyang'ana mlongoti ndi polumikizira zingwe. Ukaonetsa kuti kusowa kumatsata ndandanda wa kuzima kwa magetsi, mankhwala ake ndi batire ndi sola, osati kusintha kampani.

Nkhani ya kuchedwa kwa yankho ndi imene anthu ambiri amaipeputsa, chifukwa imayezedwa ndi timagawo ta nthawi tooneka ngati topanda pake. Muyeso wake ndi milisekondi, ndipo mu sekondi imodzi muli mamilisekondi 1,000. Kuwala kumene kumanyamula uthenga m'chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Tanthauzo lake n'lakuti makilomita 1,000 alionse amadya mamilisekondi 10 kupita ndi kubwera, ngakhale njira itakhala yoyera. Palibe kampani imene ingafupikitse nthawi imeneyi, chifukwa ndi malire a chilengedwe. Seva ya ku Blantyre ikhoza kuyankha ofesi ya ku Lilongwe m'mamilisekondi owerengeka ngati uthenga sunazungulire kunja, pamene ya ku Ulaya kawirikawiri imapitirira mamilisekondi 150. Masetilaiti a mtundu wakale, amene amakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, amadya theka la sekondi kapena kuposerapo pa funso lililonse. Masetilaiti atsopano monga a Starlink, amene anayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, amauluka pafupi, makilomita pafupifupi 550, ndipo n'chifukwa chake amayankha msanga.

Theka la sekondi lingaoneke ngati kuphethira kwa diso. Koma kutumikira munthu mmodzi sikufuna funso limodzi. Kompyuta imafunsa dzina, imadikira, imafunsa chithunzi, imadikira, imatumiza chala chodinda, imadikiranso. Mwachitsanzo, ngati pa munthu mmodzi pamafunika maulendo 40 otsatizana, ndipo ulendo uliwonse ndi wa mamilisekondi 30, kudikira konse kungoposa pang'ono sekondi imodzi. Ulendo uliwonse ukakhala wa mamilisekondi 600, kudikirako ndi masekondi 24. Pa mzere wa anthu 200, masekondi amenewo akwana ola limodzi ndi mphindi 20, nthawi imene kalaliki wangopenya kagudumu kozungulira pa kompyuta. Amene ali kumapeto kwa mzere, omwe kawirikawiri ndi ochokera kumidzi yakutali chifukwa ndiwo amafika mochedwa, amapeza zenera litatsekedwa. Pa tsiku lotere netiweki sinathawe ngakhale kamodzi, ndipo lipoti longonena za kupezeka likhoza kulemba kuti zonse zinali bwino.

Apa ndi pamene pafunika kusamala ndi ziwerengero. Makampani akamachita mgwirizano ndi mabungwe amalonjeza kupezeka kwa netiweki m'maperesenti, ndipo 99 pa 100 imamveka ngati mayeso okhoza bwino koposa. Koma mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720, ndipo gawo limodzi pa 100 la maola amenewo ndi maola 7 ndi mphindi 12. Pa chaka ndi masiku oposa atatu ndi theka. Maola asanu ndi awiriwo akagwa usiku wa Lamlungu, palibe amene angadandaule. Akagwa Lachiwiri, tsiku limene anthu a mawodi atatu aitanidwa kudzalandira ndalama, ndiye kuti tsiku lonse la ntchito lapita, koma pepala likunenabe kuti 99 pa 100. Lonjezo la 99.9 pa 100 limalola mphindi 43 zokha pa mwezi, ndipo mtengo wake umakhala wokwererapo. Choncho komiti ikapatsidwa peresenti yokha, yapatsidwa theka la nkhani. Funso loyenera ndi lakuti: pa masiku ndi maola amene anthu anali pa zenera, netiweki inasowa kangati, kwa nthawi yaitali bwanji?

Palinso misampha ina imene oika makina oyang'anira amagwamo. Woyamba ndi kukhulupirira odi yekha. Seva ikhoza kuyankha ping pamene pulogalamu yolembetsera anthu imene ili m'kati mwake yaima. Zili ngati mlonda amene wayankha kuti "Lowani" pa geti, koma mu ofesi mulibe aliyense. Kuyang'anira koona kumayesa ntchito yeniyeniyo: kutsegula tsamba lolowera ndi kuona ngati latseguka. Wachiwiri ndi kuika woyang'anira m'nyumba imodzi ndi choyang'aniridwa. Magetsi akazima, onse awiri amagona pamodzi, ndipo palibe wokanena. Pafunika diso lina lokhala kwina, loyendera mzere wina. Wachitatu ndi wa anthu, osati wa makina. Mapulogalamuwa amatha kutumiza uthenga pa foni ya wantchito netiweki ikangoduka, koma akatcheredwa kuti azilira pa kanthu kalikonse, foni imalira ka 50 pa tsiku, ndipo pakutha pa sabata mwini wake saiyang'ananso. Galu wouwa mphepo ndi masamba omwe, tsiku limene wabwera wakuba palibe amene amadzuka. Uthenga uyenera kupita kwa munthu wodziwika, amene ali ndi mphamvu ndi mayunitsi oimbira kampani, ndipo pakhale wachiwiri wake iye akadwala kapena akapita kumaliro.

Ena angade nkhawa kuti makina oyang'anira netiweki amawerenga mauthenga a anthu kapena kumvetsera zimene akukambirana pa foni. Kuyeza kumene kukunenedwa pano sikutero. Ping imatumiza kauthenga kakekake kopanda nkhani, ndipo chimene imalemba ndi nthawi ndi yankho la makina. Sifuna dzina la munthu, nambala ya chiphaso kapena ndalama zimene walandira. Ndi bwinobe kuti funsoli lizifunsidwa nthawi zonse pamene makina atsopano akuikidwa, ndipo oika makinawo aziyankha poyera.

Kuyeza pakokha sikulumikiza chingwe choduka. Phindu lake limaoneka pa zimene zimachitika pambuyo pake, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza makomiti a chitukuko. Ofesi ikadziwa 7 koloko m'mawa kuti seva sikuyankha, ikhoza kutumiza uthenga kwa makhansala, mafumu ndi apampando a makomiti anthu ambiri asananyamuke, kapena kutulutsa mafomu a pepala kuti amene afika kale alembedwe ndi kupatsidwa tsiku lenileni lobwerera. Ndalama ya kabaza imene yapulumuka ndi chitukuko chimene banja limachiona tsiku lomwelo. Ikafika nthawi yolipira kampani kapena yokonzanso mgwirizano, khonsolo imene ili ndi zolemba za miyezi 12 imakambirana itaimirira, pakuti ikhoza kusonyeza tsiku ndi ola limene ntchito yolipiridwa sinaperekedwe. Kampani ikapanda kumva, dandaulo limatha kupita ku MACRA, bungwe loyang'anira ntchito za mauthenga m'dziko muno, ndipo kumenekonso dandaulo lokhala ndi masiku ndi maola limalemera kuposa longoti netiweki imavuta. Ngakhale pokonza bajeti, zolembazo zimathandiza kusankha pakati pa kugula mabatire, kuonjezera mzere wachiwiri kapena kulemba mmisiri, m'malo mogula chimene wogulitsa wolankhula bwino wabwera nacho.

Ndi zoona kuti maseva ambiri amene anthu amadalira sali m'manja mwa khonsolo. Ena ndi a maunduna, ena ndi a mabanki ndi makampani a foni. Khonsolo singalowe m'makina a eni ake. Koma ikhoza kuyeza mbali yake, kuchokera pa ofesi zake kukafika pa khomo la sevayo, ndi kutumiza kumtunda lipoti lonena kuti mzere wa pa boma unali bwino koma seva sinayankhe kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti. Maboma angapo akatumiza malipoti ofanana, a ku likulu sanganenenso kuti vuto lili kumudzi.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ndi zolembedwa m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito m'Malawi pa 30 September 2020. Zolemba za kupezeka kwa netiweki pa ofesi yotumikira anthu ndi nkhani imene nzika ingapemphe kudzera m'lamuloli. Koma si bwino kudikira mpaka wina alembe kalata. Tsamba limodzi lomatidwa pa bolodi mwezi uliwonse, pambali pa ndandanda wa ndalama za chitukuko, lingakwanire: masiku amene ntchito inaima, maola ake, chifukwa chake ndi chimene chinachitidwa. Lilembedwe m'Chichewa, pakuti amene anabwezedwa pa zenera ndiwo oyamba kuliwerenga.

Anthu a m'wodi nawonso ali ndi chida chawo choyezera, ndipo sichifuna magetsi. Ndi kope ndi cholembera. Alangizi a zaulimi akhala akulemba mvula ya tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndipo mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi akhoza kuchita chimodzimodzi. Munthu akabwezedwa chifukwa cha netiweki, mlembi alembe tsiku, nthawi imene anafika pa zenera, ofesi yake, ntchito imene anapitira ndi ndalama imene anaononga pa ulendo. Dzina la munthuyo silofunika, ndipo dzina la kalaliki lisalembedwe, chifukwa kopeli si la milandu. Zolembazi zizipita ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ndipo khansala azipita nazo ku msonkhano wa khonsolo. Kumeneko ziikidwe pambali pa mzere wa makina. Zikagwirizana, vuto ndi la zingwe ndi magetsi, ndipo amisiri adziwa poyambira. Zikasiyana, kope likunena kuti anthu khumi anabwezedwa Lachinayi m'mawa pamene makina akuonetsa kuti seva inkayankha tsiku lonse, funsolo lichoka kwa amisiri ndi kupita kwa oyang'anira antchito.

Chotsala, A Wapampando, ndi chimene msonkhano uno ungagwirizane usanabalalike: ndani m'komiti iliyonse adzasunga kope, ndi njira iti imene uthenga wochenjeza udzafikire kumidzi kumene foni zimagwira pokhapokha munthu atakwera pachulu, ndiponso kuti makope oyamba adzasonkhanitsidwe pa msonkhano uti.